Kuwala Kolowa M'chigaza: Mmene Madokotala Amaonera Magazi a mu Ubongo Popanda Kuboola Mutu

Tsiku lina magetsi akadzazima usiku, mudzayatse tochi ya foni n'kuiphimba ndi zala zanu mutazithithikiza pamodzi. Kuwala kwa tochiyo n'koyera, koma zala zimayaka mofiira ngati khala la moto, ndipo mukayang'anitsitsa mudzaona kuti mthunzi wa fupa la m'chala suoneka bwinobwino. Ana ambiri amachita zimenezi posewera, osadziwa kuti akuona mfundo imene asayansi akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 40, yakuti thupi la munthu silitchinga kuwala konse mofanana. Kuwala kobiriwira ndi kwa buluu kumathera m'khungu ndi m'magazi, pamene kofiira kumadutsa. Pali kuwala kwinanso kumene diso silikuona, kumene kumadutsa bwino kuposa kofiirako, moti kumatha kulowa m'chigaza n'kukafika pamwamba pa ubongo.

Nkhani za njira imeneyi zikamatuluka, kawirikawiri zimabwera ndi chithunzi cha khanda litavala kachipewa kodzaza ndi timawaya, kapena cha wodwala ali pa opaleshoni atamumata tinthu tiwiri pachipumi. Chimene chimasokoneza ndi mawu ofotokoza zithunzizo, chifukwa ena amati makinawo amayeza kayendedwe ka magazi, ena amati amayeza mpweya, ndipo ena amafika ponena kuti amawerenga maganizo a munthu. M'Chingerezi njirayi imatchedwa near infrared spectroscopy, ndipo madokotala amangoti NIRS. Kuti tione chimene makinawa amachitadi, n'kofunika kuyambira pa vuto limene anawapangira.

Ubongo ndi nyumba yopanda nkhokwe

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, amene ndi magawo awiri okha pa magawo 100 a kulemera kwa thupi lonse, koma umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a okosijeni yense amene thupi limagwiritsa ntchito munthu akangokhala phee. Pa mphindi iliyonse mu ubongo mumadutsa magazi okwana pafupifupi mamililita 750, ofanana ndi mabotolo awiri ndi theka a zakumwa zoziziritsa kukhosi, aja a mamililita 300. Ziwalo zina zimapirira njala. Dokotala amatha kumanga mwendo n'kuimitsa magazi kwa ola lathunthu pochita opaleshoni, mwendowo n'kudzachira bwinobwino. Ubongo sutero. Magazi akaima, munthu amakomoka pakangotha masekondi pafupifupi 10, ndipo pakapita mphindi zochepa maselo a ubongo amayamba kufa. Uli ngati banja lopanda nkhokwe limene limadya ufa wogula tsiku lomwelo, loti msewu wa kumsika ukangoduka limagona ndi njala usiku womwewo.

Vuto la madokotala n'lakuti zinthu zambiri zimene amayeza pa wodwala wakayakaya, monga kuthamanga kwa magazi pamkono ndi mpweya pachala, zimawauza za mumsewu, osati za m'nyumbamo. Makina a MRI ndi CT amaonetsa m'kati mwa mutu momveka bwino kwambiri, koma amafuna kuti wodwala amunyamule kupita naye kuchipinda cha makinawo, ndipo amapereka chithunzi cha nthawi imeneyo yokha. Chimene chinkasowa ndi kachipangizo koti kakhale pamutu pa wodwala ali pabedi pake, usana ndi usiku, kakunena mmene zinthu zikusinthira.

Kuwala kumene diso silikuona

Mu 1800, katswiri wa zakuthambo William Herschel, amene ankakhala ku England, anadutsitsa kuwala kwa dzuwa pa galasi la ngodya zitatu limene limagawa kuwalako m'mitundu ya utawaleza, ndipo anayeza kutentha kwa mtundu uliwonse. Atasunthira choyezera chake kupitirira pofiira, pamalo pamene maso sankaonapo kanthu, anapeza kuti mpamene panali potentha koposa. Umu ndi mmene anthu anadziwira kuti kuseri kwa kufiira kuli kuwala kwina, kumene pambuyo pake kunatchedwa infrared.

Kuwala kumayenda ngati mafunde a panyanja, ndipo chimene chimasiyanitsa mitundu yake ndi mtunda wa pakati pa funde ndi linzake. Mtunda umenewu amauyeza m'mananomita, ndipo pamafunika mananomita 1,000,000 kuti akwane milimita imodzi. Diso la munthu limaona kuwala kwa mafunde a mananomita pafupifupi 400 mpaka 700. Kuwala koyandikana ndi kofiira, kongopitirira pang'ono 700, ndi kumene amati near infrared. Amene ali ndi rimoti ya TV angathe kukuona mwa njira ina: lozetsani rimotiyo ku kamera ya foni n'kudina batani, ndipo makamera ambiri amaonetsa kakuwala kophethira kumapeto kwa rimotiyo, kamene maso anu sakukaona.

Chifukwa chimene kuwala kumeneku kumalowera m'thupi n'chosavuta kuchimva. Kuwala kwa mafunde aafupi, ochepera mananomita pafupifupi 650, magazi amakumeza msanga. Kwa mafunde aatali, opitirira pafupifupi 950, madzi a m'thupi ndi amene amakumeza. Pakati pa ziwirizi patsala mpata, ngati pamene mpanda wa udzu wapyapyala, ndipo makina a NIRS amasuzumira pamenepo. Kuwala kumeneku n'kosiyana ndi kwa X-ray chifukwa kulibe mphamvu yowononga m'kati mwa maselo, choncho kachipangizo kamatha kukhala pamutu pa khanda kwa masiku angapo, malinga ngati anamwino akumakasuntha nthawi ndi nthawi kuti kasatupitse kapena kusupula khungu lanthete.

Mtundu wa magazi ndi zimene umanena

M'maselo ofiira a magazi muli puloteni yotchedwa hemoglobini, imene imanyamula okosijeni kuchokera m'mapapo kupita ku ziwalo. Ikanyamula okosijeni imafiira kwambiri, ndipo ikatula imaderako. Aliyense amene anatengedwapo magazi pamkono kuchipatala anaona kuti m'kabotolo muja amaoneka ofiira modera, chifukwa amachokera mu mtsempha wobwerera ku mtima, okosijeni wina atatsala m'minofu. Kusiyana kumeneku kumapitirira ngakhale pa kuwala kosaoneka. Hemoglobini yotula okosijeni imameza kwambiri kuwala kwa mananomita pafupifupi 760, yonyamula okosijeni imameza kwambiri kwa pafupifupi 850, ndipo cha pa 800 zonse zimameza mofanana. Makina amatumiza kuwala kwa mitundu iwiri kapena kuposerapo, n'kuona kuti mtundu uliwonse wabwerako wochuluka bwanji, kenako n'kuwerengera kuchuluka kwa hemoglobini ya mtundu uliwonse.

Kuyeza mpweya poona mtundu wa magazi sikunayambire pa ubongo. Karl Matthes wa ku Germany anapanga choyezera cha pakhutu m'ma 1930, ndipo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse Glenn Millikan anapanga china chopepuka chothandiza oyendetsa ndege zankhondo, amene ankakomoka akakwera m'mwamba kwambiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Takuo Aoyagi wa ku kampani ya Nihon Kohden ku Japan anatulukira njira imene imagwira ntchito mu kachipangizo kopana chala kaja, kamene anthu ambiri anakadziwa bwino pa nthawi ya Covid-19.

Amene anaifikitsa mfundoyi ku ubongo ndi Frans Jöbsis wa pa yunivesite ya Duke ku North Carolina. Iye mwini anadzafotokoza kuti maganizowa anamufikira ali pachakudya kunyumba, pamene ananyamula fupa lathyathyathya la nyama ya ng'ombe n'kulilozetsa ku kuwala, ndipo anaona mthunzi wa chala kuseri kwake. Anaganiza kuti ngati kuwala kofiira kukudutsa fupa lotere, kuwala kwa infrared kuyenera kudutsa chigaza. Mu 1977 anafalitsa m'magazini ya Science zimene anapeza atayesa pa amphaka ndiponso pa munthu, ndipo chaka chimenecho ndi chimene chimatengedwa ngati chiyambi cha NIRS.

Anthu ambiri amaganiza kuti kachipangizo ka pachipumi n'chimodzimodzi ndi ka pachala, koma nambala zake zimanena zinthu zosiyana. Ka pachala kamangowerenga magazi amene akugunda limodzi ndi mtima, amene angochoka kumene m'mapapo, n'chifukwa chake munthu wabwinobwino amapeza 95 kapena kuposerapo. Ka pachipumi kamawerenga magazi onse a m'timitsempha ting'onoting'ono ta pamalopo, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magaziwo ndi obwerera, amene atula kale katundu. N'chifukwa chake nambala yake pa munthu wathanzi imakhala yotsika, kawirikawiri pakati pa 60 ndi 75. Tiyerekeze ndi mayi amene watumiza chakudya kwa wodwala kuchipinda. Ka pachala kamaona mbale pochoka kukhitchini, pamene ka pachipumi kamaona mbale zikubwerako. Zikabwerako zopanda kanthu, ndiye kuti chakudya chinachepa kapena wodwalayo anali ndi njala yaikulu. Zikabwerako zodzaza, mwina chakudya chinali chochuluka, koma mwinanso wodwalayo wafooka moti sakudya n'komwe. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri, chifukwa mbali ya ubongo imene yafa sigwiritsanso ntchito okosijeni, ndipo nambala ikhoza kuoneka yabwino pamalo pamene zinthu zaipa kale.

Njira yokhotakhota ya kuwala m'mutu

Amene anayendapo pa galimoto usiku m'chifunga cha ku Dedza m'mwezi wa Juni akudziwa kuti nyali za galimoto sizipita patali molunjika. Kuwala kumamwazika, malo onse amangoti mbee, ndipo kwina kumabwerera m'maso mwa dalaivala. M'mutu mwa munthu kuwala kumachita chimodzimodzi. Kukalowa pakhungu kumagunda uku ndi uku m'fupa, m'madzi ozungulira ubongo ndi mu ubongo mwenimwenimo, ndipo kuwala kochepa kwambiri kokha ndi kumene kumatulukanso. Mutu wa munthu wamkulu ndi waukulu moti kuwala sikungaudutse kuchoka mbali ina kukatulukira mbali inayo, choncho kanyali ndi kolandirira kuwala amaziika mbali imodzi, zitatalikirana pafupifupi masentimita atatu. Kuwala kumene kumafika pa kolandirirako kumakhala kutayenda njira yopindika ngati nthochi, imene imamira pansi n'kukweranso, ndipo kuya kwake kumakhala pafupifupi theka la mtunda wa pakati pa ziwirizo.

Tanthauzo lake n'lakuti pa munthu wamkulu makinawa amangoona khungwa la ubongo, osati m'kati mwake. Sitiroko ikachitika mkati kwambiri kapena kumbuyo kwa mutu, tinthu ta pachipumi tikhoza kusaona kanthu. Pa makanda zinthu zimayenda bwinoko chifukwa chigaza chawo n'chopyapyala ndipo mutu ndi waung'ono, n'chifukwa chake odwala oyamba kuyesedwa kwambiri anali makanda, ku Duke mu 1985 ndi ku London mu 1986. Gulu la David Delpy pa University College London ndi limene linakonza masamu owerengera kukhotakhota kwa kuwalaku mu 1988, ndipo zinadziwika kuti m'mutu mwa munthu wamkulu kuwala kumayenda mtunda wochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa wa pakati pa kanyali ndi kolandirira. Mu 1989 kampani ya Hamamatsu ya ku Japan inayamba kugulitsa makina oyamba, ndipo mu 1993 makina a INVOS analoledwa kugwiritsidwa ntchito ku United States.

Palinso vuto lina limene silinathe mpaka lero. Kuwala kumadutsa khungu la pamutu kawiri, polowa ndi potuluka, ndipo khungulo lili ndi magazi akeake amene amasintha munthu akatenthedwa, akachita mantha kapena akangokwinya chipumi. Zili ngati kumvetsera munthu amene akulankhula m'nyumba iwe uli panja, ana akusewera pakhonde. Akatswiri amawonjezera kolandirira kena pafupi kwambiri ndi kanyali, pa mamilimita pafupifupi asanu ndi atatu, kuti kamve phokoso la pakhondelo lokha, kenako n'kulichotsa pa zimene kakutali kamva. Njirayi imathandiza, koma siichotsa phokoso lonse.

Kuchuluka kwa magazi si kuyenda kwa magazi

Apa mpamene nkhani zambiri zimasokonezera. Dziwe likhoza kudzaza madzi osayenda, ndipo kamtsinje kakhoza kukhala ndi madzi ochepa othamanga kwambiri. Makina wamba a NIRS amanena za kuchuluka kwa hemoglobini pamalopo ndi kuchuluka kwa okosijeni amene yanyamula, koma sayeza mwachindunji liwiro la magazi. Dokotala akaona nambala ikutsika, amaganiza kuti mwina magazi achepa kuyenda, ndipo nthawi zambiri amalondola, koma nambala yomweyo ikhozanso kutsika chifukwa mapapo sakugwira bwino ntchito, chifukwa wodwala wataya magazi ambiri, kapena chifukwa ubongo ukudya okosijeni wochuluka monga umachitira munthu akamakomoka ndi kuphupha.

Kuti ayeze kuyenda kwenikweniko, ofufuza ali ndi njira zina. Imodzi ndi yobaya mu mtsempha utoto wobiriwira wotchedwa indocyanine green, umene umameza kuwala kwa infrared, n'kuona nthawi imene watenga kuti ufike mu ubongo ndi kuchokamo, monga mmene mlimi wa kudimba angaponyere tsamba m'ngalande kuti aone liwiro la madzi. Njira imeneyi imayeza nthawi imodzi, ndipo pofuna kuyezanso pamafunika kubayanso.

Njira ina, imene David Boas ndi Arjun Yodh anayamba kuikonza pa yunivesite ya Pennsylvania cha m'ma 1995, imatchedwa diffuse correlation spectroscopy. Taganizirani dzuwa likuwala panyanja. M'mawa kukakhala bata, kunyezimira kwa pamadzi kumasintha pang'onopang'ono, koma mphepo ya mwera ikayamba, kumaphethira mofulumira moti diso silingatsatire. Kuwala kwa nyali yapadera yotchedwa laser kukatuluka m'mutu kumapanga timadontho tonyezimira totero, ndipo timaphethira chifukwa maselo ofiira amene kuwalako kwagunda akuyenda. Maselo akamathamanga, kuphethirako kumafulumira. Njira imeneyi ndi imene ili pafupi kwambiri ndi kuyeza kayendedwe ka magazi ndi kuwala kokha, ngakhale kuti imapereka nambala yoyerekezera osati mamililita enieni, ndipo pakadali pano imapezeka makamaka m'malo ochitira kafukufuku.

Pamene ubongo ukugwira ntchito

Cha m'ma 1880, Angelo Mosso wa ku Turin ku Italy anayeza kugunda kwa ubongo mwa anthu amene chigaza chawo chinali ndi bowo chifukwa chovulala, ndipo anaona kuti kugundako kunkakula munthu akapatsidwa masamu oti awerengere pamtima. Mu 1890 Charles Roy ndi Charles Sherrington ku Cambridge anafotokoza kuti mbali ya ubongo imene ikugwira ntchito imaitanitsa magazi owonjezera. Chodabwitsa n'chakuti magazi amene amabwera amaposa amene akufunika, monga mmene pakhomo pakafika alendo amaphikira chakudya chochuluka kuposa chimene alendowo angamalize. Motero pamalo pamene pakugwiridwa ntchito hemoglobini yonyamula okosijeni imakwera, ndipo yotula imatsika. Mu 1993 magulu angapo, kuphatikizapo la Britton Chance ku Philadelphia, la Arno Villringer ku Germany ndi la Yoko Hoshi ndi Mamoru Tamura ku Japan, anaonetsa kuti kusintha kumeneku kumaoneka ndi kuwala. Njirayi imatchedwa fNIRS, ndipo ndi imene imagwiritsa ntchito tizipewa ta timawaya tija.

Kunena kuti makinawa amawerenga maganizo n'kukokomeza. Maselo a ubongo amatumizirana uthenga pa kanthawi kochepa kwambiri kosakwana sekondi, pamene magazi amafika pachimake patapita masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi. Chimene makina amaona ndi utsi wotuluka kukhitchini, umene umakuuza kuti m'menemo mukuphikidwa, koma sukuuza ndiwo zake.

Komabe utsiwo uli ndi phindu lalikulu pamene njira zina sizingatheke. Khanda silingagone phee m'makina a MRI popanda kuligonetsa, koma likhoza kuvala kachipewa lili pamiyendo pa mayi ake. Mu 2013 gulu la Clare Elwell ndi Sarah Lloyd-Fox linanyamula makina otere kuchoka ku London kupita kumudzi wa Keneba ku Gambia, kumene linayeza makanda a miyezi inayi mpaka isanu ndi itatu akuonerera anthu akuseweretsa manja ndi nkhope pa kanema. Ntchitoyo inakula n'kukhala kafukufuku wotchedwa BRIGHT, wotsatira ana kuyambira ali akhanda pofuna kuona mmene kusowa kwa zakudya ndi umphawi zimakhudzira kukula kwa ubongo mwana asanayambe n'kulankhula komwe.

Zimene zaoneka m'zipatala

Malo amene NIRS yakhazikika kwambiri ndi m'chipinda cha opaleshoni ya mtima ndi ya mitsempha ikuluikulu ya m'khosi. Dokotala wogonetsa odwala amamata tinthu tija pachipumi wodwala asanagone kuti adziwe nambala yake yoyambira, ndipo ambiri amachitapo kanthu ikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Amayang'ana ngati khosi lapindika, ngati kuthamanga kwa magazi kwatsika, ngati makina opumira akutulutsa mpweya woipa mopitirira muyeso, kapena ngati wodwala akufunika kumuwonjezera magazi. Madokotala amene amaikhulupirira amanena kuti imawachenjeza msanga paipi ya makina olowa m'malo mwa mtima ikakhala molakwika, makamaka mbali imodzi ya mutu ikatsika inayo ili bwino. Okayikira amayankha kuti kuona vuto msanga ndi nkhani ina, ndipo kupulumutsa moyo ndi nkhani inanso. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa umboni wa zachipatala, litaunika kafukufuku amene analipo mu 2018, linapeza kuti umboni woti njirayi imachepetsa imfa kapena sitiroko pambuyo pa opaleshoni sunali wokwanira.

Kafukufuku amene anagwedeza anthu kwambiri ndi wa makanda obadwa masiku asanakwane, wotchedwa SafeBoosC-III, wotsogoleredwa kuchokera ku Copenhagen ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2023. Anatenga makanda 1,601 obadwa milungu 28 isanakwane, m'zipatala 70 za m'mayiko 17. Theka linayezedwa ndi NIRS kwa maola 72 oyamba, theka linasamalidwa mwa nthawi zonse. Kafukufuku wam'mbuyo anali ataonetsa kale kuti kuyezako kumachepetsa nthawi imene ubongo wa khanda umakhala ndi mpweya wochepa, choncho chiyembekezo chinali chachikulu. Koma amene anamwalira kapena kuvulala kwambiri mu ubongo anali pafupifupi 35 pa 100 alionse m'gulu loyezedwa, ndi 34 pa 100 m'gulu losayezedwa. Ena amati zimenezi zikuonetsa kuti makinawo alibe phindu pa makanda otere. Ena amati makinawo anagwira ntchito yake, koma chimene sichikudziwika bwino ndi chithandizo choyenera kupereka nambala ikatsika. Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zikuvomerezana pa chinthu chimodzi, chakuti nambala payokha siichiritsa mwana.

Palinso kachipangizo kogwira m'manja kotchedwa Infrascanner, kamene kanaloledwa ku United States mu 2011. Kamayerekeza mbali ya kumanja ndi ya kumanzere ya mutu wa munthu wovulala, chifukwa magazi oundana pansi pa chigaza amameza kuwala kochuluka. Sikalowa m'malo mwa CT, ndipo sikaona magazi ochepa kapena akuya, koma cholinga chake ndi kuthandiza kusankha amene ayenera kutumizidwa msanga kuchipatala chachikulu.

Ku Malawi njirayi yakumana ndi matenda amene timawadziwa bwino, malungo a mu ubongo, amene ambiri amati malungo aakulu. Makina a MRI atafika ku Blantyre mu 2008, Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo anajambula ana 168 amene anagonekedwa ali chikomokere pa chipatala cha Queen Elizabeth Central. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2015 zinaonetsa kuti mwa ana amene anamwalira, 84 pa 100 alionse anali ndi ubongo wotupa kwambiri, poyerekeza ndi 27 pa 100 mwa amene anachira. Ubongo ukatupa m'chigaza chimene sichingafutukuke, umapanikiza mbali imene imalamulira kupuma. Funso lotsatira linali lakuti n'chiyani chimatupitsa, madzi otuluka m'mitsempha kapena magazi odzadzana m'menemo, poti maselo ofiira amene alowedwa ndi tizilombo ta malungo amamatirira m'makoma a timitsempha. Kafukufuku wa ku Blantyre komweko amene anafalitsidwa mu 2023, wochitidwa pamodzi ndi ofufuza a ku National Institutes of Health ya ku United States, anagwiritsa ntchito NIRS ndipo anapeza kuti m'timitsempha ta mu ubongo wa ana odwala malungo aakulu munali hemoglobini yochuluka kuposa mwa ana odwala malungo wamba. Izi zikupereka mphamvu ku ganizo lakuti kudzadzana kwa magazi kuli ndi mbali pa kutupako, ngakhale kuti sizikutseka nkhani.

Mafunso amene adakalipo

Funso loyamba likutikhudza mwachindunji, ndipo ndi la khungu ndi tsitsi. Melanini, imene imapatsa khungu lathu mtundu wake, imameza mbali ina ya kuwala kumeneku. Mu 2020 ofufuza a pa yunivesite ya Michigan anapeza kuti kachipangizo ka pachala kankalephera kuonetsa kuchepa koopsa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Ka pachipumi kamagwira ntchito mosiyanako, koma kamadalira kuwala kwa mtundu womwewo, ndipo akatswiri sanagwirizane kuti khungu lakuda limasintha nambala zake mochuluka bwanji pa makina osiyanasiyana. Tsitsi lakuda, lothithikana kapena lolukidwa limalepheretsa tinyali ta m'kachipewa kukhudza khungu, moti ofufuza ena avomereza kuti anthu a tsitsi lotere akhala akusiyidwa m'kafukufuku wambiri. Kodi malire osonyeza kuti nambala yatsika moopsa, amene anakhazikitsidwa poyeza anthu a ku Ulaya ndi ku Japan angagwire ntchito pa mwana wa ku Nsanje popanda kuwayesanso?

Lachiwiri ndi la nambalayo. Palibe njira yotengera magazi m'timitsempha ta mu ubongo wa munthu wamoyo kuti atsimikize ngati makina alondola, choncho opanga makina amayerekeza ndi magazi a mu mtsempha wa m'khosi, n'kungoganizira kuti magazi obwerera ndi magawo 70 kapena 75 pa 100. Kagawidwe kameneka kamasiyana munthu ndi munthu, ndipo kamasintha wodwala akamadwalika. Makina a makampani osiyana amapereka nambala zosiyana pamutu umodzi womwewo. M'kafukufuku wa makanda uja, malire a 55 pa kachipangizo kena anali ofanana ndi 63 pa kena ka kampani yomweyo. Kodi pali nambala imodzi imene ingatchedwe yoopsa kwa aliyense, kapena munthu aliyense ali ndi malire ake?

Sizikudziwikanso kuti kuwala kungafike pati. Makina atsopano amene amawerenga nthawi imene kuwala kwatenga poyenda m'mutu amatha kusiyanitsa bwinoko khungu ndi ubongo, koma ndi okwera mtengo, ndipo kumwazika kwa kuwala ndi chilengedwe chimene luso silingachichotse kotheratu.

Kwa zipatala zathu funso limakhala la ndalama ndi la chochita. Makina a NIRS ndi otsika mtengo poyerekeza ndi MRI, koma tinthu tambiri tomata pachipumi timagwira ntchito pa wodwala mmodzi n'kutayidwa, ndipo timagulidwa kunja. Chipatala cha boma chikakhala ndi ndalama zochepa, kodi chiyambe ndi makina amenewa kapena ndi masilinda a okosijeni, magazi osungidwa ndi anamwino owonjezera, poti zimenezi ndi zimene zimafunika nambala ikatsika? Ndipo ngati kachipangizo kataonetsa usiku, pachipatala cha m'boma, kuti ubongo wa mwana wodwala malungo aakulu ukudzadzana magazi, ofufuza akadali pa ntchito yofuna kudziwa chithandizo chimene dokotala wa pamalopo angapereke kuti kutupako kuphwe mwanayo asanasiye kupuma.